Njinga Yako Ikubwera ku Peckham

Wokondedwa mwana wanga Tiyamike,

Ndakhala patebulo la kukhitchini pamene iwe uli ku saluni ndi anzako kokonzetsa tsitsi la mawa. Kiyi wa njinga yako ali pompano pamene unamusiya Lamlungu, pafupi ndi botolo la mchere, ndipo sindinamusunthe. Unamuika osandiyang'ana n'komwe, n'kunena kuti, "Mami, just give it to someone at church. It's only a bike." Ine sindinayankhe, ndipo mwina unayesa kuti ndavomera. Sindinavomere. Ndimadikira kuti mtima uyambe watsika, chifukwa ndikanayankha tsiku lomwelo anzathu a fulati yapansi akanabwera kudzaleretsa.

Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga moloza ndi chala, milomo ikugwedezeka ngati mwana wa sitandade wani, koma pali zinthu zimene m'Chingerezi ndimazinena mwaulemu kwambiri mpaka zimasiya kuluma. Ukakanika, usapite nayo kwa azakhali ako. Umupatse bwenzi lako Yotamu akuwerengere. Chinyanja cha kwawo ku Chipata ndi chathu n'chimodzi, ndipo mawu ena m'kalata muno ndi akenso. Mkamwini sindingamukhazike pampando n'kumuyang'ana m'maso, choncho amve kudzera pa pepala.

Loweruka lapitali, ku chilangizo chako m'holo ya ku Peckham ija, ndinakhala pamene amakhala mayi wa mkwatibwi, kumwetulira, kulandira mphatso, pakamwa pali potseka. Mwambo umati mayi salangiza mwana wake, amamupereka kwa alangizi, ndipo ine ndinakupereka. Ananena zambiri zabwino, sindikukana. Koma kenako mlangizi wamkulu wa kuchimuna, wa duku lofiira uja, anaima pamaso pako n'kunena kuti, "Na ija njinga ithe. Mukazi wokwatiliwa sakwela njinga mu winter. Mphepo ingena mumala, manje bana bazachoka kuti?" Amayi analuluta. Iwe unali chogwada, mutu pansi, ndipo ndinakuona ukugwedeza mutu kuvomera. Zinandipweteka, Tiyamike. Mwambo unanditseka pakamwa m'holo muja, koma za kalata mwambo sunanene kanthu.

Za mphepo yolowa m'mimba sinditaya nazo inki yambiri. Iwe unaphunzira za thupi la munthu, ukudziwa kuposa ine. Ndingokukumbutsa kuti ine ndinapalasa njinga ndili ndi pathupi pako mpaka mimba inayamba kugunda handulo, nyengo yozizira yomweyi, ndipo unabadwa ukulira mokweza kuposa ana onse a m'wodi muja. Ulipo, mawa ukukwatiwa.

Zambiri zimene ndikulembe pano ukuzidziwa, ndinakuphunzitsa ndine. Ndizibwerezabe. Alangizi ajanso sanakuuze zachilendo, kuphika unkadziwa kale, koma anabwereza ndipo iwe unamvetsera. Undimvetserenso ine. Ndikufunanso kuti wokuwerengerayo aone kuti mayi amene akuumirira njingayu si wamisala wosadziwa kuopsa kwa msewu. Ndimaudziwa ndi mawondo anga.

Dzuwa la kuno ndi labodza. Ine ndinafika m'dziko muno ndikudzitama kuti ndine mwana wa ku Dedza, kumene mu Juni madzi a mumtsuko amaluma mano, ndiye za kuzizira asandiuze munthu. Njinga ndinaidziwira komweko, ya amalume anga, yonyamulira mbatatesi kupita nazo kumsika. Choncho nditapeza ntchito yosamalira okalamba ku Lewisham, n'kutopa ndi kuima pa siteji kudikira mabasi amene amabwera atafuna okha, gogo wina amene ndinkamusamalira anandipatsa njinga yakuda yolemera imene inkangochita dzimbiri kuseri kwa nyumba yake. M'mawa wina mu Januwale ndinasuzumira pawindo muno mu Woolwich, kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe, ndipo ndinati lero Mulungu watikumbuka. Kwathu kukacha choncho umadziwa kuti pofika kumsika juzi uvula. Ndinasiya magolovesi pampando. Pofika pa bwalo lalikulu la udzu la ku Blackheath, pamene mphepo ilibe chomwe chingaitchinge, zala zanga zinali zitafa. Ndinkaona ndi maso kuti ndagwira buleki koma sindinkaimva. Usamafunse dzuwa, mwana wanga. Uziyang'ana magalasi a magalimoto amene agona panja. Ngati ayera ndi chisanu, msewunso waundana, ngakhale uoneke wouma. Tsiku la mitambo, lonyansa, lokhala ngati lakwiya, ndiye lofundirako.

Tsiku lomwelo ndinawonjezera kupusa kwina pamwamba. Nditafika kuntchito ndinathamangira ku sinki n'kutsegula madzi otentha, chifukwa kwathu munthu wozizidwa amaotha moto, kuyandikitsa manja mpaka ubweya kununkha. Ululu umene unabwera sindinaumvepo ngakhale pobereka iwe. Ndinakhala pansi m'bafa la anthu okalamba n'kumalira ngati mwana. Namwino wina wachikulire anandipeza, sanandiseke, anangonditenga manja n'kuwalowetsa m'khwapa mwanga momwe, n'kundiuza kuti ndidikire. Manja ozizidwa amabwerera pang'onopang'ono, safuna kukakamizidwa. Ukuzidziwa zimenezi za m'buku, koma ndakuona kangapo ukulowa m'nyumba n'kukumbatira hita yotenthetsa m'nyumba ija. Usiye.

Za chitenje ndiye umve bwino, chifukwa apa ndi pamene alangizi ako ndi ine tikusiyana. Ine ndinakula nthawi imene mkazi akavala buluku kwathu ankatengedwa ndi apolisi. Lamulolo linatha, koma m'miyendo mwanga linatsalamo. Ndinkapalasa nditavala siketi, pamwamba chitenje, kukazizira kwambiri zitenje ziwiri, ndipo ndinkadziona ngati mkazi wolongosoka pakati pa anthu osadziwa kuvala. Tsiku lina kunagwa mvula yosakanikirana ndi sinowo, chitenje chinanyowa n'kuuma gwa ngati chikumba, ndipo ndikutsika chitunda cha ku Charlton nsonga yake inalowa mu tcheni. Njinga inaima yokha, ine ndinapitirira. Ndinakagwera pa siteji ya basi pamaso pa ana asukulu, chitenje chitatsalira ku tcheni, siketi ili m'khosi, ndipo zonse zimene ndinkabisa ndi ulemu wanga zinaonedwa ndi London yense. Sabata yomweyo ndinagula buluku losalowa madzi. Chitenje chinasamukira m'chikwama. Ndikafika ku tchalitchi ndimatsika, kumanga chitenje pamwamba pa buluku, n'kulowa ngati mayi wamvano aliyense. Amayi anzanga anandipatsa dzina loti Mayi Kabaza, poganiza kuti ndichita manyazi. Dzinalo ndinalilandira, mpaka lero akandiitana ndimavomera.

Dzanja langa lamanzere ili, limene limandiuza za mvula a zanyengo asananene, ndinalithyola chifukwa cha mchenga wa kwathu. Kwathu njinga ikalowa mumchenga umapalasa mwamphamvu, kukanikiza, kulimbana nawo mpaka utuluke. Ndinayesa kuti ayisi ndi chimodzimodzi. Ndinalowa kamsewu kokongola ka pakati pa nyumba pothawa magalimoto, tayala linaterereka pokhota, ine n'kukanikiza pedulo, kenako n'kufinya buleki ya kutsogolo ndi mphamvu zanga zonse. Zimene zinatsatira ndinamva kwa anthu. Pa ayisi sulimbana, umanyengerera. Utsitse chishalo kuti mapazi azifika pansi. Uphwetse matayala pang'ono kuti agwire. Buleki ya kumbuyo ndiyo yako, ndipo uziigwira usanafike pokhota, osati uli pokhota. Uziyenda msewu waukulu umene lole yothira mchere yadutsa, ngakhale uli waphokoso, uzisiya timisewu tabata ndi tinjira ta m'paki mpaka kutafunda. Mizere yoyera yopentedwa pamsewu ndi zivundikiro zachitsulo za ngalande uzizizemba. Sinowo watsopano amene amalira pansi pa tayala amagwira, koma paliponse ponyezimira usapakhulupirire.

Ndipo kutsika n'kukankha si manyazi. Wamva, Tiyamike? Si manyazi. Alipo masiku amene ine ndemwe ndimayang'ana msewu n'kunena kuti lero ayi, n'kukakwera sitima. Njinga siikwiya ukaisiya pakhomo. Chimene ndikukana n'chakuti uisiye chifukwa wina wanena kuti wakwatiwa. Woyang'ana msewu m'mawa n'kugamula akhale iwe.

Mdima wa kuno umayamba anthu asanaweruke. Ndinali ndi jasi limodzi lokha labwino, lakuda, la kumaliro ndi ku Mgonero, ndipo ndinkapalasa nditavala lomwelo, nyali ndilibe, poti kwathu nyali panjinga inali ya anthu onyada. Madzulo ena basi inaima pambali panga pa maloboti, dalaivala n'kutsegula chitseko. Anali munthu wachikuda mnzathu, wamkulu ndithu. Anandiuza kuti chimene anaona ndi jumbo loyera limene ndinamanga pa kaliyala, kuti ine sanandione ngakhale pang'ono, ndipo anandifunsa ngati ndili ndi ana. Ndinapita kunyumba chokankha. Kuyambira pamenepo ndimavala jekete lachikasu lowala lija limene unkati ndisabwere nalo ku sukulu kwako chifukwa likukuchititsa manyazi. Nyali kutsogolo, nyali kumbuyo, ndi ina yapadera m'chikwama chifukwa kuzizira kumadya mabatire. Ndipo lole ikaima pa mphambano usadzalowe kumanzere kwake, ngakhale mpata uoneke waukulu bwanji. Ukhale kumbuyo kwake, uchedwe, ufike.

Mchere umene amathira mumsewu umapulumutsa iwe koma umadya njinga. Ukausiya sabata imodzi tcheni imafiira n'kuyamba kulira. Uzitsuka, uzipukuta, uzithira mafuta. Ine malo otsukira ndinalibe, fulati yathu ili m'mwamba, choncho Loweruka lililonse ndinkaikweza pamasitepe n'kuiika m'bafa. Bambo ako akalowa ndi thaulo paphewa n'kupeza njinga itagona m'malo mwawo, ankatuluka n'kukakhala pabalaza akupuma mokweza kuti ndimve.

Tsopano ndafika pa bambo ako, ndipo apa uwerenge modekha.

Unawadziwa ngati munthu wa tayi, wofatsa, wokonda nyuzipepala, ndipo analidi choncho. Anathawa kwathu ali mnyamata wa ku koleji nthawi ya chipani chimodzi, chifukwa cha mawu amene ananena pamalo olakwika, ndipo sanabwererenso kukamaliza maphunziro awo. Kuno anakhala mlonda pa mashopu aakulu a ku Lewisham, koma pansi pa jekete la ulonda ankavala shati yositidwa ndi tayi tsiku lililonse. Munthu wotere njinga yanga inkamupweteka. Ankati anthu a kwathu azinena kuti walephera kusunga mkazi. Sanali ankhanza, sanandikalipirepo pagulu, koma anayesetsa. Anandibisira pampu pamwamba pa kabati, ine n'kukabwereka kwa mnzathu wa fulati yapansi. Ananditumizira mkulu wa mpingo kuti adzandilangize, ndinamuphikira tiyi, ndipo anachoka atandikonzera buleki, chifukwa nayenso anali mwana wa m'mudzi amene manja ankamuyabwa. Pamapeto tinagwirizana. Ine ndizipalasa, iwo asiye kulankhula, koma mwana wawo sadzakwera chinthu chimenechi m'misewu ya London. Ndinavomera. N'chifukwa chake unafika zaka khumi osadziwa njinga, anzako akukuseka m'paki, ndipo ukandifunsa ndinkangoti tidzaona.

Ukukumbukira chaka chija kunagwa sinowo wamkulu, masukulu n'kutsekedwa, iwe n'kumaumba chimunthu panja ndi ana a fulati yapansi? Bambo ako anali atagonekedwa ku chipatala ku Lewisham, chifukwa mtima unawagwetsa ali kuntchito komweko. Tinkati akupezako bwino. M'mawa umenewo foni inalira, namwino n'kundiuza ndi mawu ofatsa kwambiri kuti ndibwere tsopano, ndisadikire nthawi yoona odwala. Ine ndimagwira ntchito ndi okalamba, mawu amenewo ndimawadziwa, ndinawanenapo kwa anthu ena. Ndinayang'ana panja. Mabasi onse anali ataimitsidwa, sitima osayenda, mataksi osayankha foni. Ndinaimbira abambo a ku mpingo amene anali ndi magalimoto, omwe aja akazi awo ankanditcha Mayi Kabaza. Wina anayesa ndithu, galimoto inakanika kutuluka mumsewu wa kwawo. Wina anati tidikire masana athire mchere. Sindikuwadzudzula, panalibe chimene akanachita. Ndinakusiya kwa mnzathu wa pansi uja, n'kutsitsa njinga pamasitepe.

Ndinatsitsa chishalo, ndinaphwetsa matayala, ndinachita zonse zimene ndakulembera pamwambapa, zimene ndinaziphunzira ndi kugwa. Mzinda unali zii, moti ndinkamva kupuma kwanga. Ndinkatsata mizere imene lole ina inasiya mu sinowo, ikatha ndinkatsika n'kukankha. Pa chitunda ndinakankha. Pa bwalo la ku Blackheath msewu ndi udzu zinali chimodzi, ndinagwa, n'kudzuka, n'kugwanso, mpaka ndinasiya kusasa sinowo pa zovala. Kutsetsereka kolowera ku Lewisham ndinatsika mapazi onse awiri akukhukhuluzika pansi. Njira yonse ndinkalankhula ndi Mulungu, ndipo sanali mapemphero aulemu. Ndinkamuuza kuti munthuyu anamulanda kale dziko lake ndi mayi ake amene sanawaike m'manda, asayerekeze kumutenga ali yekha pakati pa alendo.

Ndinawapeza ali maso. Mawu anali atachepa, koma nzeru zinali zonse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, madzi akudontha kuchokera m'mawondo mwanga kugwera pansi pa wodi.

"Mwabwera bwanji? Akuti ma bus kulibe."

"Panjinga."

"Ija ndinabisira pampu ija?"

"Yomweyo."

Anaseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti likuzizira, n'kulilowetsa pansi pa bulangete, pachifuwa pawo. Linabwerera pang'onopang'ono pamenepo, monga ndakuuzira kuti manja amabwerera. Anatseka maso. Atatsegulanso maso ananena mawu awiri okha.

"Tiyamike mumuphunzitse."

Anatisiya dzuwa lisanafike pamutu, dzanja langa likadali pachifuwa pawo. Abambo a magalimoto aja anafika madzulo, mchere utathiridwa, n'kupeza bedi litayalidwa kale.

Kutangoyamba kufunda ndinakutengera ku paki ndi kanjinga kobwereka, ndikadali mu zovala zakuda. Ukukumbukira ndikuthamanga kumbuyo kwako nditagwira chishalo, duku likugwa, iwe ukukuwa kuti ndisasiye pamene ndinali nditasiya kalekale. Anthu analankhula. Ankati mkazi wamasiye wanji wothamangathamanga m'paki mwamuna wake asanaole n'komwe, ndipo ena anabwera kudzandiuza pamaso. Ndinawathokoza n'kubwereranso ku paki Loweruka lotsatira. Iwe unkayesa kuti ndikungofuna kukusangalatsa chifukwa unkalira usiku, ndipo ndinakusiya uganize choncho. Sindinafune kuti uzipalasa ngati ukugwira ntchito ya maliro. Ndinafuna uikonde wekha, ndipo unaikonda, mpaka unadzagula yako yobiriwirayo n'kumandiseka kuti yanga ndi ngolo. Belu limene lili pa handulo yako ndi la njinga yakuda ija, ndinalichotsa tisanaitaye.

Ndikukuuza lero chifukwa ena abwera ndi mwambo, ndiye nanenso ndabwera ndi wanga. Alangizi ako ndi anthu odziwa zinthu, ndipo akudziwa kuti mawu otsiriza a munthu amene akumwalira safafanizidwa ndi munthu wamoyo. Kwathu n'choncho, ku Chipata n'chonchonso. Akadzakufunsa chifukwa chake wabwerera pa njinga utavomera pamaso pa anthu, usadzakangane nawo, usadzatulutse Chingerezi chako chakuthwa chija. Udzagwade bwinobwino, uwombe m'manja, n'kuwauza kuti ndi mawu a malemu bambo ako, amene ananena ali pabedi lawo lomaliza. Kenako udzakhale chete uone ngati alipo amene adzatsegule pakamwa.

Tsopano inu bambo amene mukuwerenga, ngati ndinu. Ndikudziwa kuti mwalonjeza kumamuperekeza kuntchito pa galimoto m'mawa uliwonse, ndipo ndikudziwa kuti mwanena ndi mtima wabwino. Ndinakuonani tsiku loyamba mukuvula nsapato pakhomo panga osauzidwa, ndipo ndinakukondani. Koma ntchito ya mwanayu si ya pamalo amodzi. Amayenda nyumba ndi nyumba kuphunzitsa okalamba amene anagwa kuti ayambenso kuyenda, ndipo nthawi imene amagwa kwambiri ndi ino yomwe. Kodi muzimudikira panja pa fulati iliyonse? Galimoto imapita ku galaja. Ntchito yanu idzakutumani kutali. Ndipo mudzakangana, chifukwa banja lililonse limakangana, ndiye sindikufuna kuti mwana wanga adzaime pakhomo ndi chikwama kupempha ulendo kwa munthu amene sakulankhulana naye. Ngati mukumuopera, ndipo ndi bwino kuti muzimuopera, muzimuyang'anira nyali ngati zili ndi moto, muzimupopera matayala Lamlungu madzulo, muzituluka m'mawa kukakanda galasi la galimoto ndi chala n'kumuuza zimene mwapeza. Mwamuna wanga zinamutengera moyo wake wonse kuti afike pamenepa. Inu ndakufupikitsirani njira.

Apongozi ako, Tiyamike, si mdani. Asewele anga aja, mayi ake a Yotamu, ndawaona maso awo ukamafika kwawo utanyowa, amachita mantha enieni, ndipo munthu amene amakuopera choncho ndi wako. Uziwalemekeza. Ukafika pakhomo pawo uzitsika, kumanga chitenje chako, kuwapatsa moni chogwada monga unaphunzitsidwa. Uziwaimbira foni ukafika kuntchito tsiku la sinowo, n'kanthu kakang'ono ndipo kadzawagoneka tulo. Uwapatse zonsezo ndi zina zambiri. Koma miyendo yako usapereke kwa munthu, kaya ndi iwo, kaya ndi mwamuna wako, kaya ndi ine.

Ndiye mawa zikhala chonchi. Katundu wako wapita kale pa vani, ndipo njinga inatsala m'khonde monga unafunira. Mwandikonzera mpando m'galimoto ya maluwa ija, mumupatse mlamu wanga, miyendo yake ndi yovuta. A zanyengo akuti kugwa sinowo usiku uno. Ndadzoza kale tcheni, ndatsitsa chishalo chifukwa iwe ndiwe wamtali kuposa ine, nyali zili pa moto. Diresi langa la ukwati, duku ndi nsapato zili m'chikwama chosalowa madzi, ndipo ndikavalira m'chimbudzi cha ku tchalitchi monga ndavalira m'zimbudzi za kuntchito zaka zonsezi. Ndinyamuka kukangocha. Ndikapeza ayisi ndikankha, ndipo ndikachedwa mundidikire, ukwati suyamba mayi wa mkwatibwi asanafike. Ndikaimangirira pa chitsulo chija chili pakhomo pa fulati yanu yatsopano ku Peckham, kenako ndiyenda wapansi kupita ku tchalitchi ndi jekete langa lachikasu, ndipo amene akufuna kuona aone. Loko ndamutsegula kale, potseka safuna kiyi. Kiyi ndamuchotsa pafupi ndi mchere, ali mu envulopu ino.

Sindingakukweze panjinga ndi mphamvu. Ukhoza kuisiya pamenepo ichite dzimbiri, uziidutsa m'mawa uliwonse popita ku galimoto. Ndiwe munthu wamkulu, ndipo ndidzakukondabe chimodzimodzi. Koma ine ndikukalamba, mwana wanga, ndipo mtima wanga nawo wayamba kumadumpha masitepe ena. Tsiku lina foni idzalira kwa iwe, namwino wofatsa adzakuuza kuti ubwere tsopano, ndipo mwina lidzakhala tsiku limene mzinda uno waima. Usadzaime pawindo kudikira kuti athire mchere. Ndidzakhala ndikumvetsera belu lija, ndipo bulangete ndidzalifunditsa kudikira manja ako. Bambo ako anali munthu wodekha, anadikira. Ine ukundidziwa, sindidziwa kudikira.

Uvale magolovesi.

Ndine mayi ako,
amene amvano amati Mayi Kabaza